Gulupu ya WhatsApp ya Fomu 4: titsegule kapena tisiye?

Chokochatha

Aphunzitsi anzanga ndi makolo muli pano, ndigawireniko nzeru. Pa CDSS ina kuno ku Salima komiti yagawanika pa nkhani yotsegula gulupu ya WhatsApp ya ana a Fomu 4. Ena akuti mabuku ndi ochepa, labu palibe, ndiye manotsi, mapepala a mayeso akale ndi mavidiyo a mapulakitiko tizitumiza pa foni. Amayi a Mother Group akukana. Akuti masamba a mchezo ndi amene akuwononga ana: usiku wonse pa TikTok ndi Facebook, m'mawa kusinza m'kalasi, atsikana kumacheza ndi azibambo osawadziwa. Lamulo la sukulu limati mwana asabwere ndi foni, ndipo limeneli sitikufuna kulisintha.

Amene mukuzidziwa bwino zinthuzi, gulupu yotere imathandizadi pa MSCE? Ikhazikitsidwe motani kuti isasanduke bwalo la nthabwala? Nanga bandulo idzatimaliza bwanji?

Fundi_KamuzuRoad

Aphunzitsi, gulupu itha kugwira ntchito, koma kutsegula kukhale komaliza. Yambani ndi kalembera. Mwana aliyense alembe zinthu zinayi: kunyumba kuli foni yanji, ya mabatani kapena yotha WhatsApp; mwini wake ndani; imapezeka pakhomo nthawi yanji; amatchajira kuti. Chachitatucho ndi chimene ambiri amachiiwala. Kuno kunyanja foni imanyamuka ndi bambo madzulo kupita ku usodzi n'kubwerako m'mawa batire litatheratu, kapena imaswera ndi mayi ku msika. Mukatumiza ntchito 7 koloko usiku n'kunena kuti ibwere mawa, mwana wa msodzi mwamusiya kale. Ntchito iliyonse muzipereka masiku awiri kapena atatu.

Mu gulupumo mulowe manambala a makolo, osati a ana. Ma adimini akhale atatu: mphunzitsi wamwamuna, wamkazi, ndi kholo limodzi la m'komiti. Kenako tsegulani Group permissions. Zimitsani Send messages kuti otumiza akhale ma adimini okha, zimitsaninso Add other members ndi Edit group settings, koma Approve new members muyatse. Linki yolowera musaiponye paliponse. Ikangotuluka, dinani Reset link, yakaleyo imafa pomwepo. Mafunso a ana muziwatsegulira ola limodzi lodziwika, tinene Lachiwiri ndi Lachisanu kuyambira 5 koloko madzulo, ola likatha n'kutsekanso. Gulupu yotsegula usana ndi usiku imadzaza ndi ma sticker, mauthenga a maliro ndi malonda a usipa, manotsi n'kukwiririka pansi pa mauthenga 300.

Za bandulo, chimene chimadya ndi vidiyo. Uthenga wolemba sudya kanthu. Voice note ya mphindi zitatu sifika 1 MB. Chithunzi chimodzi chimene WhatsApp yachichepetsa nachonso nthawi zambiri sichifika 1 MB. PDF yotayipa ya masamba 10 imakhala yaing'ono, koma yopangidwa ndi zithunzi za kamera itha kudutsa 20 MB, choncho muziyang'ana kukula kwake musanatumize. Vidiyo ya mphindi 10 pa YouTube imadya pakati pa 30 ndi 50 MB mukaika pa 360p, ndipo imadutsa 100 MB pa 720p. China n'chakuti makolo ambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha, ya Airtel kapena TNM. Bandulo imeneyi sitsegula linki ya YouTube. Mwana akaidina, mwina imangozungulira osatseguka, mwina imayamba kudya mayunitsi a bambo ake, ndipo mawa lake bamboyo atuluka mu gulupu. Ndiye vidiyo muziitumiza yeniyeniyo, yaifupi, mphindi ziwiri kapena zitatu, yojambula nokha kapena imene eni ake analola kuti igawidwe. Yaitali igawidwe ndi Bluetooth, Xender kapena memore khadi, zimene sizifuna intaneti.

Pa msonkhano wa makolo muwaonetse kulowa pa Settings, Storage and data, Media auto-download, achotse zonse pamene palembedwa When using mobile data. Akapanda kutero foni imadzitsitsira yokha chilichonse cha m'magulupu onse, a mpingo, a mpira, a banja, bandulo n'kutha manotsi asanafike. Mafoni ambiri a itel ndi Tecno otchipa ali ndi malo a 16 kapena 32 GB, amadzaza msanga, ndipo foni yodzaza imakana kutsitsa PDF. Potsuka pake ndi pa Manage storage.

Kajambulidwe ka manotsi: lembani ndi cholembera chakuda pa pepala loyera, jambulani masana pamthunzi, foni iyang'ane pepala molunjika kuchokera pamwamba. Chithunzi cha bolodi sichiwerengeka chifukwa cha kuwala kochokera pawindo ndi fumbi la choko. Ngati zilembo ndi zing'onozing'ono, monga masamu okhala ndi timanambala tapamwamba, tumizani ngati Document kuti WhatsApp isachichepetse. Fayilo iliyonse muipatse dzina lomveka, monga Bio F4 Genetics 1, kuti mwana akasaka pa Search aipeze mayeso akayandikira.

Ma adimini onse ayatse Two-step verification, aike PIN ya manambala 6. Akuba ma akaunti amaimba kapena kulemba kuti "takutumizirani code molakwitsa, tiwerengereni". Mukangowerenga, akaunti yapita, ndipo amayamba kupempha makolo ndalama m'dzina la sukulu. Lengezani tsiku loyamba lomwe kuti fizi kapena chopereka chilichonse sichidzapemphedwa kudzera mu gulupu.

Labu_Mchikwama

A Fundi afotokoza bwino za kakhazikitsidwe. Ine ndinene za zimene zilowe m'katimo, chifukwa gulupu yotsekedwa bwino itha kumagawabe zinthu zolakwika mwadongosolo.

Pamene foni imaposa buku ndi pa zinthu zooneka ndi maso. Mwana wa pa sukulu yopanda labu amaloweza kuti phenolphthalein imakhala ya pinki mu base ndipo imataya mtundu mu asidi, koma sanaonepo kadontho kamodzi komaliza kaja kakusintha madzi onse mu flask. Vidiyo ya mphindi ziwiri imamuonetsa. N'chimodzimodzi ndi food tests za Biology: iodine kuda pa starch, Benedict's kuchoka pa buluu kudzera kobiriwira ndi chikasu mpaka kufiira ngati njerwa akatenthetsa, Biuret kusanduka pepo pa mapuloteni. Koma vidiyo siphunzitsa dzanja. Kuwerenga burette diso lili molingana ndi pansi pa meniscus, kutsegula tap kuti idonthe kamodzikamodzi kwinaku dzanja lina likugwedeza flask, zimenezi zimafuna kugwira. Vidiyo ikhale yokonzekeretsa, kenako pemphani tsiku ku sukulu ya m'cluster yanu imene ili ndi zipangizo.

Vuto lalikulu ndi manotsi oyendayenda. Ambiri amene amazungulira pa Facebook ndi m'magulupu ndi a KCSE ya ku Kenya, a ZIMSEC ya ku Zimbabwe kapena a ku Zambia, ena angochotsa chikuto n'kulembapo MSCE. Sayansi yake si yabodza ayi, koma mitu ina mulibe m'silabasi yathu, ina yathu mulibe mwawomo, ndipo kafunsidwe n'kosiyana ndi ka MANEB. Pa Agriculture, History ndi Social Studies ndiye mwana amasocheratu. Ma marking scheme ambiri sanachokere ku MANEB, analemba ndi munthu wina amene naye amalakwitsa. Lamulo likhale limodzi: chilichonse chisalowe mu gulupu mphunzitsi wa phunzirolo asanachiyerekeze ndi silabasi ya ku Malawi Institute of Education (MIE) ndi kuyankha yekha mafunsowo. Uthenga wolembedwa Forwarded many times muuone ngati wopanda mwini.

Mayankho asapite limodzi ndi mafunso. Tumizani mafunso asanu Lolemba, mwana ayankhe m'kope ndi cholembera, makope aonedwe m'kalasi kapena mu study circle Lachitatu, mayankho apite Lachinayi. Mukatumiza zonse pamodzi mwana amangowerenga yankho n'kugwedeza mutu kuti wamva, koma sanayese. Komanso dziwani kuti mu WhatsApp momwemo muli Meta AI, ndipo ana anaitulukira kale. Amakopera funso, yankho n'kubwera m'Chingerezi chosalala, iwo n'kulemba m'kope osamva kanthu. Nthawi zina imaphonya masamu koma ikuyankha molimba mtima. Mankhwala ake ndi kuitana mwana pa bolodi kuti afotokoze sitepe yachiwiri ndi pakamwa pake.

Za likasa musasekerere n'pang'ono pomwe. Mu November 2020 mayeso a MSCE anathetsedwa ali m'kati chifukwa mapepala anabedwa n'kufalikira pa masamba a mchezo, ana onse m'dziko muno, olakwa ndi osalakwa omwe, n'kudzalembanso mu January 2021. Chaka chilichonse mayeso akayandikira pamabuka manambala olonjeza pepala la mawa mukatumiza ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money. Kawirikawiri amatumiza pepala lakale losinthidwa deti, kapena kungozimitsa foni ndalama zikalowa. Likakhala lenileni ndiye mlandu, ndipo umagwera amene watumiza ndi amene walisunga. Nyengo ya mayeso gulupu itsekedwe kotheratu, otumiza akhale adimini yekha, nkhani yake ya timetable ndi ma ID basi.

Mayi_Mlangizi_Nkhotakota

Aphunzitsi, amayi a Mother Group aja musawaone ngati otsalira. Zimene akunena n'zoona, ndipo pali china chimene mwina sanachitchule pa msonkhano chifukwa cha manyazi. Sukulu ikangoonetsa kuti wopanda foni atsalira, mtsikana wa pa banja losauka amayamba kusaka womugulira. Zidyamakanda za m'madoko ndi m'misika zimadziwa zimenezi. Foni ndi bandulo ndiyo nyambo yake masiku ano. Walira mvula walira matope, ndiye pokonza gulupu konzeranitu kuti pasakhale chinthu ngakhale chimodzi chopezeka pa foni pokha. Chilichonse chotumizidwa chimatidwenso pa bolodi la zidziwitso tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake.

Mu gulupu ya WhatsApp aliyense amaona nambala ya mnzake. Zoipa sizichitikira pagulu, zimachitikira ku inbox. N'chifukwa chake ndikugwirizana ndi a Fundi kuti manambala akhale a makolo. Onjezerani lamulo lolembedwa, losainidwa ndi ahedi ndi aphunzitsi onse, loti mphunzitsi salembera mwana ku inbox, ndipo mwana akamulembera yankho lipite pagulu. Lamuloli limateteza mwana, limatetezanso mphunzitsi ku mphekesera.

Malikisi a ana asaikidwe mu gulupu ndi maina. Screenshot imodzi imafika mudzi wonse, ndipo mwana amene wapeza 12 pa 100 amasekedwa mpaka ku chigayo. Zithunzi za ana musajambule ndi kuika pa Facebook ya sukulu makolo asanavomere. Pa foni imene mwana amagwira, lowani pa Privacy, Profile photo muike My contacts, Groups muikenso My contacts, kuti mlendo asamuponye m'magulupu a zolaula kapena a kubetcha. Anyamata ambiri akutha ndi kandege, masewera obetcha a pa foni, ndipo ndalama zake ndi zomwe zija anapatsidwa kuti agule bandulo ya manotsi. Kholo ligule lokha bandulo, osapereka ndalama m'manja.

Pa malamulo: WhatsApp, Facebook ndi TikTok zimafuna munthu wa zaka 13 kupita m'mwamba, choncho za Fomu 4 zisakoperedwe ku pulayimale. Koma kuyambira 2017 malamulo a dziko lino amati aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana, ngakhale ali Fomu 4. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza munthu pa intaneti, kumutumizira mauthenga onyoza kapena oopseza, komanso kusunga ndi kufalitsa zithunzi zolaula za ana.

Zikachitika, ndondomeko yake nayi. Ngati ndi mawu onyoza kapena oopseza, tengani screenshot yoonetsa nambala, tsiku ndi nthawi, kenako adimini afufute uthengawo kwa onse, wotumizayo achotsedwe, makolo aitanidwe. Ngati ndi chithunzi cha mwana ali maliseche, musachitumize kwa wina aliyense, ngakhale kwa ahedi kuti "aone umboni", chifukwa kutumizako ndi mlandu pakokha. Lembani nambala ndi nthawi, pitani ndi foniyo ku Victim Support Unit ya polisi, dziwitsani a Social Welfare ku boma. Nambala ya 116 yothandiza ana ndi yaulere, mwana atha kuimba yekha. Ndipo mwanayo asakalipiridwe pagulu. Ambiri amabisa chifukwa amaopa kulandidwa foni ndi kukwapulidwa, wowaopsezayo n'kupitiriza.

Za kusinza m'kalasi, yankho lili kunyumba. Foni igone kuchipinda kwa makolo, 8 koloko ikakwana ibwezedwe. Mafoni ambiri a Android ali ndi Digital Wellbeing, pamene mungaike kuti TikTok itseke yokha pakatha mphindi 30 pa tsiku, ngakhale mwana wochenjera amadziwa kuchotsa. Chodalirika ndi kuitenga m'manja.

Chokochatha

Zikomo nonse, izi ndipita nazo ku komiti. Koma ndikuona kuti kalembera akatuluka, mabanja okhala ndi foni yotha WhatsApp sadzafika theka. Zikatero tipitirize?

Agogo_aGalamala

Mwana wanga, akapanda kufika theka musatsegule gulupu ya kalasi. Tinaona mu 2020, sukulu zitatsekedwa pa 23 March chifukwa cha Covid-19 mpaka September. Maphunziro a pa intaneti anafikira ana a m'tauni ndi a makolo olandira malipiro pa mwezi, a kumudzi anadalira wayilesi kapena kungokhala. Gulupu imene imafikira ochepa imakweza amene ali kale pamwamba, ndipo mphunzitsi amayamba kuthamanga m'kalasi poganiza kuti "izi ndinatumiza kale".

Werengerani ndalama musanasankhe. Tengani mtengo wa bandulo ya mwezi, muchulukitse ndi mabanja onse, muonjezere ya kutchajitsa pa sola kwa amene alibe magetsi a ESCOM. Mbali inayi ikani mtengo wa fotokope ya masamba 20 pa mwezi, kope limodzi kwa ana asanu. Nthawi zambiri pepala limapambana, ndipo pepala silitha batire, silifuna netiweki, silibwera ndi vidiyo ya gule pambali pake.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi kalembedwe. Satifiketi ya MSCE sibwera popanda kukhoza Chingerezi, ngakhale mwana atapeza 1 pa Masamu. Tsono yang'anani ma composition a masiku ano: "u" m'malo mwa you, "bcz", "xool", chiganizo chopanda chilembo chachikulu, ndime yonse yopanda mpumiro. Ku Chichewa nako "nde" m'malo mwa ndiye, "zkm", "kkkk". Dzanja limazolowera zimene limachita tsiku ndi tsiku, ndipo m'chipinda cha mayeso limalemba lokha. Ngati gulupu ikhalepo, funso lolembedwa mwachidule chotere lisayankhidwe mpaka mwana alilembenso m'chiganizo chathunthu. Palinso kupirira. Pepala la mayeso limafuna kukhala pansi maola awiri kapena kuposa, pomwe mwana wozolowera timavidiyo ta masekondi 30 amatopa ndi ndime yachitatu ya comprehension. Izi gulupu singakonze. Zimakonzedwa ndi kuwerenga buku mwakachetechete, mphindi 40, foni ili kutali.

Sindikuti zonse n'zoipa. Voice note ya mphunzitsi akuwerenga ndime ya Chingerezi momveka imathandiza mwana amene samva chinenerochi kunja kwa kalasi. Koma phindu lalikulu la WhatsApp pa sukulu za kumudzi ndimaliona kwa aphunzitsi. Pa CDSS zambiri mphunzitsi mmodzi amanyamula maphunziro amene sanawaphunzire ku koleji. Gulupu ya aphunzitsi a Physics kapena Masamu a m'cluster, kapena a chigawo chonse cha Central East, imamupatsa scheme of work, mafunso a mock ndi munthu womufunsa pamene wakakamira. Foni imodzi ya mphunzitsi imafikira kalasi yonse kudzera pa bolodi, olemera ndi osauka omwe. Yambirani pamenepo.

Fundi_KamuzuRoad

Agogo anena zoona pa gulupu ya kalasi yonse, koma pali njira yapakati. Gawani ana m'ma study circle motengera midzi imene amachokera, asanu kapena asanu ndi mmodzi, gulu lililonse likhale ndi khomo limodzi lokhala ndi foni yotha WhatsApp, kholo lake lovomera. Mu gulupu mulowe makomo amenewo okha. Kalasi ya ana 60 ndiye kuti manambala 10 kapena 12, osavuta kuwayang'anira, ndipo komiti itha kuwagulira bandulo ya sabata mwachindunji. Ana akumane masana pakhonde, kholo lili pomwepo, akopere m'makope, foni ibwerere kwa mwini wake.

A mafoni a mabatani musawataye. Ambiri mwa mafoni amenewa ali ndi polowetsa memore khadi ndipo amaimba MP3. Chenjezo n'lakuti voice note ya WhatsApp imasungidwa ngati fayilo ya opus, imene mafoni a mabatani ambiri saitsegula. Jambulani phunziro ndi Recorder ya foni, mulisinthe likhale MP3, muike pa memore khadi kapena mutumize ndi Bluetooth. Oika nyimbo m'mafoni pa Kamuzu Road kapena pa msika uliwonse amadziwa kusintha kwake. Phunziro limodzi lisapitirire mphindi zisanu, mutu umodzi, ndipo loyamba muliyese pa foni ya mabatani musanagawe.

Muyese kwa milungu isanu ndi umodzi pa maphunziro awiri okha. Kuti mudziwe ngati uthenga ukufika, dinani uthengawo nthawi yaitali n'kusankha Info, muona amene walandira ndi amene watsegula. Khomo limene lakhala sabata yathunthu osalandira, vuto ndi netiweki, batire kapena bandulo, ndipo gulu limenelo lipatsidwe fotokope. Pomaliza perekani mayeso a m'kalasi pa mitu yomweyo, muyerekeze magulu a foni ndi a pepala, zotsatirazo mupite nazo ku komiti amayi a Mother Group ali pomwepo.